Ogula miyala ali m'njira: kalata yotseguka yochokera kumunsi kwa phiri la Mulanje

Kwa Mtsogoleri wa dziko lino, nduna zoona za migodi, zachuma ndi maboma ang'onoang'ono, aphungu a ku Mulanje ndi Thyolo, abwanamkubwa, makhansala ndi mafumu athu.

Olemekezeka,

Tikukupatsani ulemu wonse woyenera mipando yanu, ndipo tikupempha kuti mutimvere mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali ndipo mbali zina siyokoma m'khutu.

America, China, maiko a ku Ulaya, India ndi Russia akulimbirana zinthu zitatu mu Africa muno: miyala ya pansi pa nthaka, misika, ndi mavoti ku United Nations. Malawi ali nazo zonsezi, ngakhale zina ndi zochepa. Mkanganowu sitingauletse, ndipo ku Washington kapena ku Beijing kulibe amene akudikira maganizo athu. Chimene chili m'manja mwathu ndi mtengo umene tidzagulitsire zathu. Mtengowo umakwera kapena kutsika malinga ndi zinthu ziwiri: ngati mgwirizano ukusainidwa poyera kapena kumbali, komanso ngati ofesi yosainayo ili ndi anthu odziwa ntchito amene sasamutsidwa chisankho chikangotha. Pa ziwiri zonsezi tili pofooka.

Zoti mabwenzi akunja amatembenuka sitikuziwerenga m'mabuku a eni. Nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, Dr Kamuzu Banda anaima ndi azungu, mpaka kupanga ubale ndi boma latsankho la South Africa mu 1967, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinachokera kumeneko. Anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, koma thandizo linkabwerabe. Mkanganowo utatha, abwenzi omwewo anaimitsa thandizo mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri chitulukireni kalata ya maepiskopi, ndipo pa 14 Juni 1993 tinali pamzere wa referendamu. Kumapeto kwa 2007 tinasiya Taiwan n'kupita kwa China. Nyumba ya Malamulo yatsopano, msewu wa Karonga–Chitipa ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST kuno ku Ndata ndi zipatso za ubale umenewo, zina mphatso, zina ngongole. Mu 2011 boma linathamangitsa kazembe wa Britain, thandizo la ku bajeti linaima, ndipo mizere ya mafuta ya chaka chimenecho ndi zionetsero za 20 Julaye aliyense akuzikumbukira. Palibe mmodzi mwa alendowa amene anabwera chifukwa chotikonda kapena kuchoka chifukwa chotida. Aliyense ankatsata zofuna za kwawo, ndipo lero zofunazo zaloza ku miyala.

Miyala imene ikuyambanitsa maikowa imatchedwa rare earths. Mwa iyo muli neodymium ndi praseodymium, zimene amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi, makina opanga magetsi ndi mphepo, mafoni ndi zida zankhondo. Miyalayi imapezeka m'maiko ambiri, koma kuiyenga ndiye nkhani: pafupifupi 90 peresenti ya ntchito yoyenga ili ku China. Mu Epulo 2025 China inalamula kuti mitundu ina ya miyalayi ndi maginito zisamatuluke popanda chilolezo, ndipo mafakitale ena a galimoto ku America, ku Ulaya ndi ku Japan anachepetsa kapena kuimitsa ntchito kwa kanthawi. Kuyambira pamenepo aliyense akusakasaka kwina kokagula. Ndiye onani pamene takhala ife. Songwe Hill ali ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli, ndipo boma linasaina mgwirizano wa mgodiwo ndi kampani ya Mkango mu 2024. Chaka chotsatira bungwe la European Union linauika pamndandanda wa migodi yofunika kwambiri kwa ilo. Kangankunde ali ku Balaka. Rutile, mwala wopangira chitsulo cha titanium, ali ku Kasiya. M'phiri la Mulanje momwemu, ku Chambe anafufuzako kale rare earths m'dothi, ndipo bauxite wa ku Lichenya, dothi lopangira aluminiyamu, akudziwika kuyambira nthawi ya atsamunda.

Tifotokoze mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa amene sadziwa masitepe ake amamunamiza mosavuta. Mwala ukakumbidwa umaphwanyidwa, n'kuperedwa mpaka kukhala ngati ufa. Ufawo amausakaniza ndi madzi ndi mankhwala m'mathanki kuti gawo lofunika liyandame pamwamba ndi thovu, zotsalazo zipite ku damu la zinyalala. Gawo lofunikalo amalisungunula ndi asidi, n'kutulutsa ufa wosakanikirana wa mitundu yonse ya rare earths. Mtengo wa ufawu ndi wotsika. Ndalama zenizeni zili m'masitepe otsatira: kulekanitsa mtundu uliwonse paokha, kuusandutsa chitsulo, ndi kuumba maginito. Sitepe iliyonse imafuna magetsi osazimazima, asidi wambiri, madzi ambiri ndi akatswiri. Choncho munthu akadzanena kuti adzayengera konkuno, mufunseni kuti akunena sitepe iti, magetsi adzawatenga kuti, ndipo asidi adzalowera pa Muloza, pa Mwanza kapena pa njanji ya ku Nacala. Kuletsa kutumiza kunja miyala yosayenga ndi maganizo abwino, koma ngati lamulo silinena kuti kuyenga kukuthera pati, munthu amangophwanya mwala, kuutsuka, n'kunena kuti wayenga.

Za bauxite tinene mosapsatira. Pamafunika matani 4 kapena 5 a bauxite kuti patuluke matani 2 a alumina, ufa woyera woyengedwa, ndipo mwa amenewo mumatuluka tani imodzi ya aluminiyamu. Tani imodziyo imadya magetsi pafupifupi mayunitsi 14,000. Fakitale ya aluminiyamu ya Mozal kufupi ndi Maputo, ikamagwira ntchito mokwanira, imafuna mamegawati oposa 900, pamene Nkula, Tedzani, Kapichira ndi magetsi adzuwa onse a dziko lino kuphatikiza pamodzi safika pamenepo. Tanthauzo lake n'lakuti aluminiyamu sangapangidwe kuno m'zaka zapafupi. Chimene chingachitike ndi kupalula dothi la pamwamba pa phiri, kulitsitsa, n'kulitumiza kunja pamtengo wa dothi, kapena kulitsuka ndi soda woopsa wotchedwa caustic soda n'kutisiyira matope ofiira amene amaotcha chilichonse. Pamwamba pa phiripo ndi pamene pamasungika madzi a Lichenya, Likhubula, Ruo ndi Thuchila. Madzi amenewa ndiwo amathirira tiyi, kutembenuza makina a magetsi a ku Bondo, kuyenda m'mipope ya m'midzi, ndipo ena amakwera mpaka ku Blantyre kudzera ku Nguludi, pa mapaipi amene anamangidwa ndi ngongole ya ku India imene tonse tikubweza. Rare earths wa m'dothi ngati wa ku Chambe nayenso ali ndi vuto lake: kummwera kwa China ndi ku Myanmar amamutulutsa pothira mankhwala a ammonium sulphate m'nthaka, ndipo mitsinje ya kumeneko inaonongeka. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, miyala ikugubuduka kuchoka m'phiri kukafika m'midzi, aganizire damu la zinyalala za mgodi litakhala m'njira ya madzi amenewo.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi, ndipo mfundo ya bungwelo ndi yakuti migodi siyenderana ndi malo oterowo. Boma silingagwire ziwirizi nthawi imodzi. Lilengeze mwalamulo, pa mapu amene aliyense angaone, malire amene mkati mwake simudzaperekedwa chiphaso chilichonse, chofufuzira kapena chokumbira. Pamene palibe mapu oterowo, mphekesera zimadzaza malo, anthu amathamangitsa aliyense wonyamula zida zoyezera, ndipo andale a mbali zonse amapezerapo poyambira.

Kunja kwa malirewo migodi ibwere, sitikuikana. Koma phunziro la Kayelekera lisatayike. Pa mgodi wa uranium uja, umene unayamba mu 2009 n'kuima mu 2014, boma linavomera kutsitsa msonkho wa pa miyala yogulitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira, linatsitsanso msonkho wa phindu, posinthana ndi masheya 15 peresenti. Masheya amabala ndalama pokhapokha kampani ikalengeza phindu, ndipo mgodi umene ukulemba kuti ukuluza sugawa kanthu. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Mgwirizanowo unali wachinsinsi kwa zaka zambiri. Ukanayalidwa poyera usanasainidwe, wowerengera ndalama wamba wa ku Limbe akanaona pamene pakudontha.

Pamadontha m'malo odziwika. Kampani ya kuno imabwereka ndalama kwa mayi wake wa kunja pa chiwongoladzanja chokwera, ndiye phindu lonse limatuluka ngati kubweza ngongole. Imalipira kampani ina ya banja lomwelo, yolembetsedwa kudziko la msonkho wochepa, ndalama zimene amati ndi za uphungu. Imagulitsa miyala kwa mbale wake pamtengo wotsika, mbaleyo n'kukagulitsa pamtengo weniweni. Imalemba kuti mwala uli ndi gawo lochepa la chitsulo kusiyana ndi mmene ulili, podziwa kuti palibe woyeza kawiri. Ndipo pali chiganizo chija chimene chimamanga boma kuti lisasinthe msonkho kwa zaka 10 kapena kuposerapo, ngakhale mtengo wa mwalawo utakwera katatu. Zonsezi zimatsekeka. Msonkho wa pa zogulitsa usatsike pansi pa mlingo wa lamulo, chifukwa ndiwo wokhawo umene sudikira phindu. Chiwongoladzanja chochotsera pa msonkho chikhale ndi malire. Mtengo wowerengera msonkho utengedwe pamsika wa dziko lonse, osati pa risiti ya kampani. Thumba lililonse lotuluka lipimidwe pa sikelo ya boma, ndipo zitsanzo zake zigawidwe patatu: china kwa kampani, china kwa boma, china chisungidwe chomata kuti pakabuka mkangano chikayezedwe kwina. Ofesi ya za miyala ku Zomba, bungwe la MBS ndi MUST zipatsidwe makina oyezera ndi ndalama zowakonzera akafa. Makina ogulidwa ndi thandizo amene amaima chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi tawaona okwanira m'zipatala ndi m'masukulu. Ndalama zokonzera malo mgodi ukadzatha ziikidwe kubanki ntchito isanayambe, m'ndalama zakunja, chifukwa kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chikole cha makwacha chimasungunuka chokha.

Malamulo a migodi amati mgodi waukulu uzipereka 0.45 peresenti ya zogulitsa zake ku chitukuko cha anthu oyandikana nawo. Pa madola 100 miliyoni pachaka, ndiye madola 450,000. Si ndalama zosintha dziko, koma n'zokwanira kugawanitsa mudzi ngati komiti yake yasankhidwa m'chipinda. Asankhidwe pabwalo, amayi akhalemo, ndipo lipoti la ndalama lizimatidwa pa khoma la khonsolo miyezi itatu iliyonse.

Malawi analowa m'bungwe loona kuti za migodi zizichitika poyera la EITI mu 2015, limene mfundo zake zimafuna kuti mapangano a migodi aziululidwa, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Zida zilipo, chikusowa ndi chizolowezi. Mgwirizano uliwonse wa mgodi, ndi ngongole iliyonse yakunja, ziyalidwe mwezi wathunthu zisanasainidwe, ndi chidule cha m'Chichewa chonena zinthu zisanu: ndalama zingati, chiwongoladzanja chanji, zaka zingati, chikole n'chiyani, ndipo mkangano ukabuka ukaweruzidwa kuti. Mabilu ololeza ngongole asamadutse masana amodzi aphungu asanaone mgwirizano weniweniwo. Anzathu a kutsidya kwa Muloza anadzidzimuka mu 2016 atamva za ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo amene analipira ndi mayi wogulitsa tomato pa Milange. Zambia italephera kubweza mu 2020, panatenga zaka zoposa zitatu ikudikira kuti obwereketsa a ku China ndi a kwa azungu agwirizane za amene ataye zingati. Chaona mnzako chapita.

Mkangano wa maiko akuluakulu sufikira ku migodi kokha. Mlimi wa nandolo wa kwa Mabuka kapena kwa Nkanda anauona mu 2017, India itachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake: mitengo inagwa mpaka ena anangomusiya m'munda. Mgwirizano wa 2021 unatsegula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma msika umodzi ndi msika umodzi basi. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, thumba la fetereza linakwera mtengo mpaka ambiri analisiya. Malawi anavota ku United Nations kudzudzula Russia, ndipo chaka chotsatira analandira matani 20,000 a fetereza waulere kuchokera ku kampani ya ku Russia komweko. Palibe cholakwika pamenepo. Dziko laling'ono liziyankhula ndi onse. Cholakwika ndi kusowa mfundo yolembedwa yonena zimene timavomera ndi zimene timakana, kotero kuti mlendo aliyense amayamba wayesa mwayi wake. Tiyi wathu naye amadalira ogula ochepa, makamaka Britain ndi South Africa, ndipo wambiri amatuluka m'masaka akuluakulu kukasakanizidwa ndi kupakidwa kwina. China inachotsa msonkho pa katundu wa maiko osauka kuyambira Disembala 2024, koma khomo lotseguka silithandiza ngati makadamiya kapena nandolo alibe ziphaso za ukhondo zimene dzikolo limafuna, ndipo ziphasozo zimakambidwa ndi ogwira ntchito m'boma, mbewu iliyonse payokha, kwa miyezi kapena zaka. Akasamutsidwa wokambirana pakati pa ulendo, nkhani imayambiranso pachiyambi.

Za chipatala tingonena mwachidule. Thyolo ndi limodzi mwa maboma oyambirira kupereka ma ARV kwa anthu ambiri, kuyambira 2003 mothandizidwa ndi bungwe la madokotala la MSF. Mpaka lero mankhwalawa amagulidwa makamaka ndi ndalama za Global Fund, ndipo antchito ambiri oyeza magazi, olemba mabuku ndi oyendera odwala ankalipidwa ndi thandizo la America. Thandizolo litaimitsidwa mwadzidzidzi mu Januwale 2025, zinaoneka poyera kuti moyo wa munthu wa ku Thekerani ungadalire chisankho cha dziko limene sanalipondepo. Unduna ndi makhonsolo akhale ndi mndandanda, chipatala chilichonse pachokha, wa ntchito zimene zimalipidwa ndi alendo, ndipo chaka chilichonse zina zizilowa m'bajeti ya boma, kuyambira ndi zimene zikaima munthu amafa. Lonjezo la ku Abuja la 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, tinasaina nawo.

Tsopano tifike pa chilonda cha m'nyumba. Kuyambira 1994 mapu a chisankho akhala akufanana ndi mapu a zigawo, ndipo chipani chikalowa m'boma anthu a kwawo amati nthawi yathu yodya yakwana. Ife a kuno tili ndi ufulu wonenapo pa izi kuposa ena, chifukwa Thyolo yabala atsogoleri awiri a dziko lino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, opanikizana pa timinda tosakwana ekala m'mphepete mwa ma esiteti, ena akulima m'mapiri otsetsereka mmene khasu silimayenera kufika. Amene anadya ndi ochepa, ndipo ochepawo amapezeka m'chigawo chilichonse. Otsalafe timangosenza dzina loti tinadya nawo, ndipo boma likasintha ana athu odziwa ntchito amachotsedwa chifukwa cha dzina la kumudzi kwawo, monga mmene a zigawo zina amachotsedwera nthawi ikakhala yathu.

Wogula miyala amazidziwa zimenezi kuposa ife. Amadziwa kuti chisankho chimafuna ndalama zambiri, kuti chipani cholamula chimafuna chinthu choonetsa chisanafike chaka chovota, ndipo kuti chotsutsa chingalonjeze mtengo wotsikirapo ngati chitathandizidwa. Amadziwanso kuti mlembi wamkulu amene anakana chiganizo china chaka chino mwina chaka chamawa adzakhala atamuika pa ofesi yopanda ntchito. Ndiye amangodikira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: ndalama ya mlendo ikalowa m'thumba la chipani, palibe nduna imene ingamuuze kuti alipire msonkho wonse. Lamulo la zipani la 2018 limati mphatso yoposa K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku kampani, iziululidwa kwa mlembi wa zipani, ndipo limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti. Lamuloli ligwire ntchito pa zipani zonse, kuyambira cholamula, ndipo pawonjezeredwe chiganizo chimodzi: kampani iliyonse yokhala ndi chiphaso cha mgodi kapena kontrakiti ya boma, pamodzi ndi eni ake enieni, isapereke kanthu ku chipani.

Khoti litafafaniza chisankho cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, n'kunena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, linatipatsa mankhwala amodzi a matendawa. Palibe amene angapambane ndi chigawo chake chokha, ndipo zisankho za 2020 ndi 2025 zasonyeza kuti Amalawi amatha kuchotsa boma chifukwa cha mtengo wa chimanga, mafuta ndi fetereza, osayang'ana kwawo kwa munthu. Koma lamulolo limathera pa tsiku lovota. Tsiku lotsatira mipando ya alembi akuluakulu, akazembe, mabodi a makampani aboma ndi abwanamkubwa imagawidwabe ndi dzanja limodzi.

Kukonza boma kwayambidwa kangapo. Mu 2015 kunakhazikitsidwa ndondomeko yaikulu motsogozedwa ndi malemu Dr Saulos Chilima, ndipo mu 2021 iwo omwewo anapereka lipoti la ma alawansi, makontrakiti a ntchito ndi kagulidwe ka katundu, limene boma silinalitulutse kuti anthu aliwerenge. Zimalephera pa chifukwa chimodzimodzi: amakonza mafomu ndi mayina a maofesi, koma mphamvu yolemba ndi kuchotsa munthu imatsala pomwe inali. Yambirani pamenepo. Mipando ya alembi akuluakulu, abwanamkubwa ndi akuluakulu a makampani aboma izilengezedwa m'nyuzi, mayina a ofika kumapeto aziululidwa, ndipo wosankhidwa akhale ndi zaka zodziwika zimene sangachotsedwe popanda mlandu wolembedwa. Kuchotsa munthu mwachisawawa kumatidyera kawiri: khoti limalamula kuti alipidwe zaka zonse zotsala, ndipo wolowa m'malo mwake nayenso akulandira. Pakhale gulu lokhazikika lokambirana mapangano a migodi ndi ngongole, la maloya, owerengera ndalama, akatswiri a miyala ndi a MRA, lolipidwa bwino, losasintha boma likasintha, ndipo membala wake asaloledwe kukagwira ntchito ku kampani imene ankakambirana nayo mpaka patapita zaka zingapo. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona mapanganowa itsogozedwe ndi phungu wa mbali yotsutsa, monga zimakhalira ndi komiti yolondoloza ndalama za boma. Amene ali m'boma lero aziganizire bwino zimenezi, pakuti mpando wotsutsa anakhalapo kale ndipo akuudziwa kuzizira kwake.

Makhonsolo ndiwo ali pafupi ndi phiri, koma ndiwo ofooka kwambiri. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti 5 peresenti ya ndalama za boma izipita kumakhonsolo, ndipo mlingowo wakhala loto. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunapatsa nduna mphamvu yosankha bwanamkubwa ndi kupatsa aphungu voti m'khonsolo, kotero kuti wopanga lamulo, wogwiritsa ntchito ndalama ndi wolondoloza anakhala munthu mmodzi. Mkangano wa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), umene unafika mpaka kukhoti mu 2025, gwero lake ndi lomweli. Kaya thumbalo likule bwanji, popanda injiniya, wogula katundu wodziwa malamulo ndi wowerengera ndalama pa khonsolo, tidzangochulukitsa milatho yokokoloka ndi mvula yoyamba ndi midadada ya sukulu yothera pa lintala. Ndalama zizifika pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse; zikafika mwezi womaliza wa chaka cha boma zimagwiritsidwa ntchito mothamanga, ndipo m'kuthamangamo ndi mmene mumalowera makontrakitala a m'chikwama. Gawo lina la msonkho wa migodi lizibwerera ku khonsolo ya boma limene mwalawo wachokera, mwa lamulo, osati mwa chifundo cha nduna. Ndipo khonsolo izidziwitsidwa ndi kalata chiphaso chisanaperekedwe ku Lilongwe, osati kumva kwa anyamata otsogolera alendo m'phiri kuti kwabwera anthu obowola nthaka.

Inu mafumu athu, a Mabuka, a Nkanda, a Chikumbu, a Mthiramanja, a Njema, a Juma, ndi anzanu a ku Thyolo, galimoto za ofufuza miyala zimayambira pakhomo panu. Agogo athu anataya nthaka ya tiyi m'zaka za m'ma 1890 pa mapepala amene mafumu a nthawiyo sanathe kuwawerenga, ndipo chotsatira chake chinali thangata. Mlendo akabwera ndi pepala, mufunseni kaye ngati chiphaso chake n'chofufuzira kapena chokumbira, chifukwa n'zosiyana, ndipo chofufuzira sichimupatsa malo. Lembani nambala ya chiphasocho ndi kukaitsimikiza kwa bwanamkubwa. Funsani lipoti la mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, lovomerezedwa ndi bungwe la MEPA, ndipo liwerengedwe m'Chichewa pa msonkhano wa ADC ndi ma VDC onse okhudzidwa. Pepala lolemba mayina a obwera kumsonkhano likhale ndi mutu wake pamwamba musanasaine, chifukwa mndandanda wa olandira fanta ndi ndalama ya thiransipoti umatha kukasanduka umboni woti mudzi unavomera. Chipukuta misozi chiwerengedwe munda uliwonse, mtengo uliwonse wa mapeyala, nthochi ndi nanazi, manda ndi chitsime, mwini wake ali pomwepo, ndipo m'dera lino la chikamwini mwini munda nthawi zambiri ndi mayi, choncho dzina lolembedwa likhale lake. Kope la pepala lililonse limene mwasaina litsale m'manja mwanu tsiku lomwelo.

Kwa aphungu a maboma awiriwa, a zipani zonse ndi oima paokha, pempho lathu loyamba ndi laling'ono ndipo silifuna ndalama: pa mkumano ukubwerawu wa Nyumba ya Malamulo, funsani nduna ya migodi kuti iyale mndandanda wa ziphaso zonse zimene zinaperekedwa kapena kupemphedwa m'phiri la Mulanje, Michesi ndi madera ozungulira, ndi mayina a eni makampaniwo, masiku amene ziphasozo zidzathere ndi mapu ake. Yankholo limatidwe pa ofesi ya bwanamkubwa pa Mulanje boma, pa Chitakale, pa Likhubula, pa Limbuli ndi pa Luchenza.

Ndife anu,

Nzika za ku Mulanje ndi Thyolo